Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: Mtengo wa Magazini a Kafukufuku Usagwere Wophunzira

Olemekezeka a Nduna,

 Ndine mmodzi mwa anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza ophunzira, aphunzitsi ndi ofufuza kupeza zowerenga m'malaibulale a sukulu zathu zaukachenjede. Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa nkhaniyi si ya ife a m'laibulale tokha. Ikukhudza kholo limene likugulitsa mbuzi kuti lilipire fizi, wodwala amene akufuna dokotala wodziwa zatsopano, ndi mlimi amene akudikira mlangizi kuti amuuze chochita ndi mbozi zimene zagwa m'munda. Pempho langa ndi ili: boma litenge udindo wolipirira magazini a kafukufuku m'dzina la dziko lonse, ndipo lisalole kuti mtengo wake ugwere wophunzira kudzera m'njira yogula pepala limodzilimodzi.

Magazini a kafukufuku ndiwo malo amene akatswiri amalengezeramo zimene apeza. Madokotala akaona kuti mankhwala ena aleka kupha tizilombo ta malungo, akatswiri a zaulimi akayesa mbewu yopirira ng'amba, kapena a zachuma akafufuza mmene ngongole zikuyendera, zotsatira zake zimayamba kutuluka m'magaziniwa. Buku lophunzirira limatenga zaka kuti lilembedwe, lisindikizidwe, ligulidwe ndi kufika pa shelefu, ndipo pofikapo zina mwa zimene likunena zimakhala zitasintha kale. Yunivesite imene ilibe magazini imaphunzitsa zadzana, ndipo wophunzira wake amalandira digiri ali kumbuyo kwa mnzake wa ku Nairobi kapena ku Cape Town ngakhale nzeru zawo zobadwa nazo zili zofanana.

Malonda a magaziniwa ndi odabwitsa kwa aliyense amene akuwamva koyamba. Wofufuza amalemba pepala osalandira kanthu. Akatswiri anzake amaliunika ndi kulikonza, nawonso osalandira kanthu. Ndalama zochitira kafukufukuyo zimachokera ku misonkho ya anthu kapena ku mabungwe othandiza. Kenako kampani yosindikiza imatenga pepalalo, imalitsekera, ndi kumaligulitsa kwa mayunivesite omwe aja amene adalilemba. Mu 2015 Vincent Larivière ndi anzake a ku Montreal adaonetsa kuti mwa mapepala a mu 2013 amene adawerengera, opitirira theka adasindikizidwa ndi makampani asanu okha, ndipo mwa makampaniwo muli Elsevier, Springer, Wiley ndi Taylor & Francis. Pa madola 100 aliwonse amene Elsevier imapeza, opitirira 30 amakhala phindu, chinthu chimene makampani ambiri a mafuta ndi a galimoto sachifikira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampaniwa amagulitsa magazini m'mitolo ikuluikulu yotchedwa Big Deal: laibulale imalipira pachaka ndi kupatsidwa magazini mazana kapena masauzande pamodzi, ofunika ndi osafunika omwe, ndipo mtengo wa mtolowo umakwera chaka ndi chaka.

Mtengowu wafika poliritsa ndi olemera omwe. Mu 2012 komiti ya aphunzitsi yolangiza laibulale ya Harvard idadandaula poyera kuti ndalama zolipira makampani akuluakuluwa zayandikira madola 3.75 miliyoni pachaka ndipo sizingapitirire chomwecho. Mu February 2019 University of California idaleka kulipira Elsevier, ndipo idakhala zaka ziwiri isadagwirizane nayonso. Mayunivesite ambiri a ku Germany adachita chimodzimodzi kwa zaka zingapo mpaka mgwirizano watsopano udapezeka mu 2023. Ngati a ku Harvard adabuula, mungathe kuona nokha mmene zilili ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Ndata.

Kuno kwathu malaibulale sadakhale manja lende. Mu 2003 adapanga bungwe la MALICO kuti azisonkherana ndalama ndi kukambirana ndi osindikiza ngati gulu limodzi, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Bungweli ndi limene lidabweretsa madishi a intaneti m'makoleji athu m'masiku amene kutsegula tsamba limodzi pa kompyuta kunkatha mphindi zambiri. Mothandizana ndi mabungwe a INASP ndi EIFL, lidapezera dziko lino magazini pa mtengo wotsika. Palinso Research4Life, imene idayamba ndi Hinari ya World Health Organization mu 2002, kenako AGORA ya zaulimi mu 2003 ndi zina zotsatira, ndipo Malawi ili m'gulu la maiko amene amawerenga mwaulere kudzera m'njirayi. Zonsezi n'zoyamikika, ndipo popanda izo maphunziro apamwamba m'dziko muno akadakhala pamavuto aakulu kuposa lero.

Koma gawo limene timalipira tokha limalipiridwa m'madola, pamene ndalama zimene mayunivesite amalandira kuboma ndi za kwacha. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze laibulale imene inkayenera kulipira madola 50,000. Sabata imodzi ngongoleyo inali K59 miliyoni, sabata yotsatira inali K85 miliyoni, osindikiza asanawonjezepo ndi tambala yemwe. Ndalama zikapezeka, pamatsala nkhondo ina yopeza madolawo kubanki, kumene laibulale imaima pamzere umodzi ndi oitanitsa mafuta, feteleza ndi mankhwala. Pamzere umenewo magazini amakhala kumapeto. Tsiku lolipira likapitirira, osindikiza amatseka, ndipo wophunzira amene dzulo ankawerenga momasuka amakumana ndi uthenga womuuza kuti alowetse nambala ya khadi la kubanki.

Apa ndi pamene njira yogula pepala limodzilimodzi imaoneka yokoma. Maganizo ake ndi osavuta kumva: tilipiriranji magazini masauzande pamene ambiri mwa iwo palibe amawatsegula? Tileke kulipira pachaka, munthu akafuna pepala tizimugulira lomwelo basi. Sindikufuna kuipeputsa njirayi, chifukwa ili ndi ubwino wake. N'zoona kuti m'mitolo ija muli magazini ochuluka amene satsegulidwa chaka chathunthu. Ku America, Trinity University ya ku San Antonio idasiya kulipira magazini a Elsevier pachaka n'kuyamba kugulira aphunzitsi ndi ophunzira ake mapepala amene awafuna. MIT idathetsa zokambirana ndi Elsevier mu June 2020, ndipo kuyambira pamenepo imapeza mapepala atsopano pogula limodzilimodzi ndi pobwereka ku malaibulale ena. Kuli makampani ngati Copyright Clearance Center amene amatumiza pepala logulidwa m'mphindi zochepa. Pa magazini okwera mtengo amene amafunidwa mwa apo ndi apo, njirayi imapulumutsa ndalama, ndipo nafenso tiyenera kuigwiritsa ntchito pa zoterozo.

Komabe tiyenera kuona chimene chimapangitsa kuti ziyende kumeneko. Wolipira ndi laibulale, osati wowerenga. Malaibulalewo ali ndi nkhokwe za magazini akale amene adagula kalekale ndipo ndi awo mpaka muyaya. Ali ndi anzawo mazana amene amabwerekana nawo mapepala tsiku lomwelo. Ndalama zawo ndi madola, ndipo madolawo sawadikira kubanki. Akasiya mtolo amasiya ali ndi mphamvu, n'cholinga choti osindikiza atsitse mtengo. Ife tikasiya timasiya chifukwa tasowa, ndipo kumbuyo kwathu kulibe nkhokwe yoti tidalire. Njira imene kwa iwo ndi chida chokambirana, kwa ife ingathe kusanduka khomo lotulutsira boma m'udindo wake.

Tiyeni tione mtengo wake m'thumba la Mmalawi. Pepala limodzi pa masamba a osindikiza akuluakulu limagulidwa pakati pa madola 30 ndi 50. Tikatenga madola 40 pa mtengo wa kubanki wa mu 2024 wa K1,750, ndiye kuti pepala limodzi ndi K70,000. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pamwezi. M'chaka chomwecho ngongole yodyera ndi kugonera imene wophunzira wa ku yunivesite amalandira idakwezedwa kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Wophunzira ameneyo atati asadye, asalipire lendi, asagule sopo chaka chonse, angagule mapepala asanu ndi atatu okha. Wophunzira wa digiri yachiwiri amene akufuna mapepala 50 kuti alembe kafukufuku wake angafunike K3.5 miliyoni. Zili ngati kusiya kugula thumba la chimanga n'kumagula ufa wa walkman tsiku ndi tsiku: ndalama ya lero imaoneka yochepa, koma pakutha pa mwezi wosauka ndiye walipira kwambiri, ndipo m'nyumba simutsala kanthu.

Wina anganene kuti laibulale ndiyo izilipira, osati wophunzira. Zikatero vuto limachepa koma silitha. Choyamba, palibe amene angadziwiretu kuti chaka chino kudzafunika mapepala angati. Thumba likatha mu June, amene akulemba kafukufuku wawo mu September adzangouzidwa kuti adikire bajeti ina. Chachiwiri, pepala lililonse likakhala ndi mtengo, pamafunika wina woti avomereze. Pamabwera fomu, siginecha ya mkulu wa dipatimenti, ndi funso loti kodi pepalali ndi lofunikadi. M'dongosolo lotero pulofesa amapeza, wophunzira wa chaka chachitatu amabwezedwa. A zachipatala amapeza chifukwa ali ndi mabungwe akunja owathandiza, a mbiri yakale, a zilankhulo ndi a zamaphunziro amatsala. Chachitatu, pepala logulidwa motere kawirikawiri limakhala la munthu mmodzi yekha amene waligulayo. Lamulo la ogulitsa sililola kuti laibulale ilisunge n'kumapatsa ena. Wophunzira wina akadzalifuna mwezi wamawa, tidzalipiranso, ndipo mphunzitsi amene akufuna kuti kalasi yonse ya anthu 200 iwerenge pepala limodzi sangathe.

Koma chimene chimandiopsa koposa ndi mmene njirayi imasinthira kawerengedwe ka munthu. Wofufuza weniweni samadziwiratu pepala limene lidzamuthandize. Amatsegula mapepala makumi awiri, amasiya ambiri atangoona masamba oyamba, ndipo limodzi limene sankaliyembekezera ndilo limamutsegula maso. Amatsata maina a kumapeto kwa pepala lina n'kukapeza lina, kenako linanso. Amawerenga ndi zimene zikutsutsa maganizo ake. Kuwerenga kotere kumatheka pokhapokha ngati kutsegula pepala sikupweteka thumba. Pakakhala K70,000 pa kutsegula kulikonse, munthu amangowerenga chidule cha pamwamba chimene chili chaulere, n'kulemba ngati wawerenga zonse. Samaona kuti kafukufukuyo adachitika pa anthu angati, m'dziko liti, ndi njira yotani. Tikatero tidzatulutsa madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi amene adazolowera kutchula zimene sadawerenge, ndipo chizolowezi chimenechi adzalowa nacho m'chipatala, m'khoti ndi m'maofesi a boma.

Kuti zimenezi si zongoopseza, tikumbukire za ku Liberia. Mu April 2015, mliri wa Ebola utapha anthu masauzande, Dr Bernice Dahn, amene anali mkulu wa madokotala m'dzikolo, pamodzi ndi anzake awiri adalemba mu New York Times kuti adadabwa atapeza pepala la mu 1982 limene ofufuza a ku Ulaya adachenjeza kuti Liberia ili m'dera limene Ebola ingabuke. Magazi amene adayezedwa anali a anthu a ku Liberia, koma palibe katswiri wa m'dzikomo amene adalemba nawo, ndipo chenjezolo silidafike kwa oyenera kulimva. Adanenanso kuti ngakhale m'chaka chimenecho dokotala wa ku Liberia ankayenera kulipira madola 45, pafupifupi theka la malipiro ake a sabata, kuti awerenge limodzi mwa mapepalawo. Pepala linalipo, ndipo aliyense akadatha kuligula. Koma munthu sagula chimene sakudziwa kuti chilipo.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa Malawi ndi dziko limene mumachitika kafukufuku wodziwika padziko lonse. Njira yoyezera mwana wokomoka ndi malungo imene madokotala amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri imatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo idapangidwa kuno. Ku Karonga kafukufuku wa khate adayamba mu 1979, ndipo pambuyo pake adaphatikizapo chifuwa chachikulu. Mu 2011 dziko lino lidakhala loyamba kuika amayi onse oyembekezera amene ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, ndipo maiko ena adatengera. Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa kwa ana kuno mu April 2019, ndipo ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ndiwo adalowa m'kafukufuku woyesa katemera wa tayifodi. Amene amapereka magazi, nthawi ndi ana awo ku kafukufukuyu ndi Amalawi. Mabungwe ngati Wellcome ndi Gates Foundation amalamula kuti zotsatira za kafukufuku amene alipirira ziwerengedwe mwaulere, n'chifukwa chake zambiri za zachipatala timaziona. Funso ndi lakuti, nanga kafukufuku amene walipiridwa ndi msonkho wa Mmalawi, wochitidwa ndi mphunzitsi amene amalandira malipiro kuboma, tidzamulola mpaka liti kuti azitsekeredwa kunja n'kumatigulitsanso?

Mwina a ku Treasury adzakuuzani kuti popeza Research4Life ilipo, palibe chifukwa chotayira ndalama. Muwakumbutse kuti imeneyi ndi mphatso, ndipo wopereka ali ndi ufulu woibweza. Wosindikiza aliyense amasankha yekha magazini amene akupereka ndi maiko amene akuwapatsa. Mu January 2011 ofufuza a ku Bangladesh adadzidzimuka atauzidwa kuti magazini pafupifupi 2,500 achotsedwa pa Hinari m'dziko mwawo, chifukwa osindikiza adaona kuti tsopano angathe kuyamba kugulitsa kumeneko. Zidatengera phokoso la akatswiri padziko lonse kuti ena abwezedwe. Masomphenya a Malawi 2063 akufuna kuti dziko lino lichoke m'gulu la maiko osaukitsitsa, ndipo tsiku limene zimenezi zidzatheke, mphatso zoterezi zidzayamba kuchepa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dziko limene likufuna kutukuka kudzera mu ulimi wamakono, mafakitale ndi mizinda silingatsamire nzeru zake zonse pa chifundo cha kampani ngati Elsevier ya ku Amsterdam.

Tisadzinamizenso kuti ophunzira akatsekeredwa amangokhala. Ena amapempha mnzawo amene ali pa sukulu ku Britain kapena ku South Africa kuti awatumizire pepala pa WhatsApp. Ena amalowa pa Sci-Hub, tsamba limene Alexandra Elbakyan wa ku Kazakhstan adayambitsa mu 2011, ndipo makhoti a m'maiko angapo adaliweruza kuti limaphwanya lamulo la umwini wa zolemba. Sindikulimbikitsa njira imeneyi. Ndikungonena kuti si bwino kuti maphunziro a dziko aimire pa khomo lakuseri limene lingatsekedwe tsiku lina lililonse, ndiponso si chilungamo kuphunzitsa mwana kulemekeza lamulo kwinaku tikumuika pamalo poti sangamalize sukulu popanda kuliphwanya.

Pali mbali inanso ya vuto lomweli imene simuyenera kuiiwala. Osindikiza ataona kuti dziko likufuna zowerenga zaulere, adasamutsira mtengo kwa wolemba. Lero wofufuza amene akufuna kuti pepala lake liwerengedwe ndi aliyense amauzidwa kuti alipire madola masauzande, ndipo magazini ya Nature idaika mtengo wa 9,500 euro mu 2021. Osindikiza ambiri amakhululukira olemba a m'maiko ngati athu, koma chikhululukirocho nachonso ndi mphatso, ndipo nthawi zina chimatayika wolemba akagwirizana ndi mnzake wa dziko lolemera. Mphunzitsi amene akufuna kukwezedwa pantchito akasowa kolowera amagwa m'manja mwa magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola walipira. Pamene tikulira ndi mitengo yakunjayi, tili ndi chitsanzo chabwino pakhomo pathu pomwe. Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere ndi aliyense, imapezeka pa African Journals Online, ndipo imalemekezedwa kunja. Zimene a zachipatala adakwanitsa, a zaulimi, a zamalamulo ndi a zamaphunziro angathenso atapatsidwa thandizo lochepa chabe.

Choncho, Olemekezeka, ndikupempha zinthu zisanu ndi chimodzi.

Choyamba, mu bajeti ya unduna wanu mukhale mzere wapadera wolipirira magazini a kafukufuku m'dzina la dziko lonse, ndipo ndalamazo ziziperekedwa kudzera ku MALICO m'malo moti sukulu iliyonse izivutika payokha. Mgwirizanowo uphatikize mayunivesite a boma ndi omwe si a boma, makoleji a anamwino ndi a aphunzitsi, zipatala za m'maboma, ndi malo ofufuzira zaulimi ngati Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Lunyangwa. Si maloto ayi. Egypt idatsegulira nzika zake zonse Egyptian Knowledge Bank mu 2016, ndipo India idavomereza mu November 2024 dongosolo lolipirira magazini pafupifupi 13,000 a osindikiza 30 kamodzi m'malo mwa sukulu zake zonse zaukachenjede za boma. Ife sitingafike pamenepo, koma mfundo yake ndi yomweyo: wogula mmodzi wamkulu amamveka kuposa ogula makumi atatu ang'onoang'ono.

Chachiwiri, mukambirane ndi Reserve Bank ndi unduna wa zachuma kuti ndalama zakunja zolipirira magaziniwa zizipezeka pa nthawi yake. Poyerekeza ndi madola amene amapita ku mafuta a galimoto pa sabata imodzi, zimene malaibulale amafuna pachaka n'zochepa kwambiri. Choononga si kukula kwa ndalamayo koma kuchedwa kwake.

Chachitatu, mulamule momveka kuti m'sukulu ya boma wophunzira asalipiritsidwe pa pepala limene akufuna pa maphunziro ake. Kugula limodzilimodzi kukhale kotsekera mipata yokha: thumba laling'ono losungidwa ndi laibulale, logwiritsidwa ntchito pambuyo poti wa m'laibulale wafufuza kaye ngati pepalalo silikupezeka mwaulere kwina, pa Research4Life, m'nkhokwe ya yunivesite ya wolembayo, kapena kwa mwini wakeyo pomupempha. Malamulo a thumbalo alembedwe poyera kuti wophunzira ndi pulofesa aziyezedwa ndi muyeso umodzi.

Chachinayi, ziwerengero za kagwiritsidwe ntchito ka magazini zizisonkhanitsidwa ndi kulengezedwa chaka chilichonse, pamodzi ndi mitengo imene talipira. Ndi ziwerengerozi tidzadziwa magazini oyenera kulipira pachaka, oyenera kugula mwa apo ndi apo, ndi oyenera kungowasiya. Osindikiza ena amakonda kuika m'mapangano mawu oletsa kuulula mtengo. Ndalama za boma zisalowe m'pangano lotero.

Chachisanu, kafukufuku aliyense wolipiridwa ndi boma la Malawi, ndi zolemba zonse za digiri yachiwiri ndi yachitatu za m'mayunivesite athu, ziziikidwa m'nkhokwe ya pa intaneti imene aliyense angawerenge mwaulere. Lamulo la sayansi la mu 2003 lidatipatsa kale National Commission for Science and Technology ndi thumba lothandizira kafukufuku, bungwe la MAREN likulumikiza kale sukulu zathu pa intaneti, ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, bungwe lolumikiza mayunivesite a m'maiko a kuno pa intaneti, lili ku Lilongwe komweko. Mu November 2021 maiko a mu UNESCO, ife tili momwemo, adagwirizana mfundo zoti sayansi ikhale yotseguka kwa onse. Chatsala ndi lamulo la kuno kwathu lokakamiza kuti zichitike, ndi makina osungira amene ali ndi magetsi odalirika. Moto umene udapsereza laibulale ya Mzuzu University mu December 2015 udatiphunzitsa kuti zimene zili pa shelefu imodzi yokha zingathe usiku umodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, muthandize magazini a kuno kwathu ndi ndalama zokhazikika zolipirira akonzi ndi makina, kuti asalipiritse wolemba kapena wowerenga. Makhonsolo a mayunivesite ndi National Council for Higher Education aunikenso malamulo okwezera aphunzitsi pantchito kuti pepala labwino lotuluka m'magazini yodalirika ya kuno liziwerengedwa mokwanira. Malinga ngati tikuuza aphunzitsi athu kuti ulemu uli kunja kokha, adzapitiriza kutumiza kunja zabwino zonse, ife n'kumazigulanso.

Ndikudziwa kuti pa tebulo lanu pali zambiri: ana ophunzirira pansi pa mtengo, aphunzitsi osowa nyumba, ophunzira osowa malo ogona. Wina angafunse kuti magazini a akatswiri alowa bwanji pamzere umenewu. Yankho langa ndi lakuti mphunzitsi wa ku pulayimale amaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wa ku koleji, ndipo wa ku kolejiyo amaphunzitsidwa ku yunivesite. Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amatsata ndondomeko imene wina adalemba atawerenga kafukufuku, kapena asadawerenge. Dziko lawononga ndalama zambiri kumanga MUST, kukulitsa LUANAR, ndi kugawa University of Malawi mu 2021 kuti pabadwe KUHeS ndi MUBAS. Nyumba zimenezi zidamangidwa kuti anthu aziwerengeramo, ndipo ndalama zogulira zowerengazo n'zochepa poyerekeza ndi za njerwa ndi simenti.

Ndikukupemphani kuti bajeti ikubwerayi isadakonzedwe, muitanitse atsogoleri a MALICO, akuluakulu a mayunivesite, a National Commission for Science and Technology, a Reserve Bank ndi oimira ophunzira, mukhale nawo pansi ndi kutuluka ndi ndondomeko yolembedwa, yokhala ndi ndalama zake ndi masiku ake. Ogwira ntchito m'malaibulale ali ndi ziwerengero, akudziwa kukambirana ndi osindikiza, ndipo akhala akuchita zimenezi kwa zaka zopitirira makumi awiri ndi ndalama zosonkherana. Chimene akusowa ndi boma loti liime kumbuyo kwawo, ndipo mphamvu yochitira zimenezi ili m'manja mwanu.

Ine wanu mwaulemu,

Wogwira ntchito m'laibulale ya sukulu yaukachenjede